Njinga Yoyendetsa ndi Maso m'Nyumba ya Apongozi

Ndiyambe ndi kupepesa kwa inu owerenga, kuti mwana ngati ine ndalimba mtima kulemba zoti akuluakulu awerenge. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ya pansi pa mtengo wa nimu, ndipo kusekondale ndinkapita wapansi. Chachitali chimene ndinalembapo ndi chimangirizo cha pamayeso. Pamene ndapotoza mawu, mundiwongolere mumtima mwanu. Chandikakamiza n'chakuti nkhaniyi anthu a m'mudzi mwathu akuikamba mmene akufunira, ena mpaka akuti kompyuta inkaopa amayi anga, chonsecho amene ndinakhetsa nayo thukuta ndine.

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ankachita kabaza wa njinga yamoto pa Nchalo. Tsiku lina akuchokera kosiya munthu cha ku Ngabu, ng'ombe zinatulukira mumsewu, ndipo anagwa moipa n'kuthyoka fupa la m'khosi. Potuluka m'chipatala, manja ndi miyendo zinali zitasiya kumva. Anatsala ndi mawu, maso, ndi mutu womwe unkatembenuka pang'ono chabe. Kwawo ndi kwa Mlolo, tsidya lina la Shire, kumene madzi amadula njira nthawi ya dzinja, choncho achemwali anabwera nawo kwathu kwa Lundu, m'nyumba ya amayi. Bambo athu anatisiya kale.

Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, nawonso apongozi samuyang'ana. Kale alamu akabwera kudzationa, ankanjuta patali chipewa chili m'manja, amayi atakhala chopereka mbali, moni n'kumadutsa pakati ngati akuponyerana. Tsopano anthu awiri amenewa anapezeka pansi pa denga limodzi. Amayi anawasiyira chipinda chawo chachikulu, chokhala ndi khomo lotulukira panja, iwo n'kusamukira m'kachipinda kanga. Phala ankaphika ndi iwo, koma wolowa nalo ndinali ine. Akafuna kufunsa za odwala, ankaima pakhomo paja, kumutu kwa bedi, kumene alamu sakanatha kutembenukirako.

"Uwafunse akamwini ngati adzuka bwino," ankatero, akuuza ine, ngakhale alamu anali pomwepo.

"Uwauze amayi kuti takhuta, tadzuka," alamu ankayankha, nawonso akuuza ine. Akafuna kuthokoza kwambiri, Chisena chakwawo ndicho chinkatuluka.

Alamu anali munthu wa nthabwala. Ine ankanditchula kuti mkazi wawo wamng'ono, monga amachitira alamu, ndipo ndinkathawira kuseri kwa nyumba ndi manyazi. Koma atakhala miyezi ali chigonere, nthabwala zinauma. Ankangoyang'ana malata. Phala ankalandira masipuni ochepa n'kutseka pakamwa. Achemwali ankachokera kudimba atatopa, n'kukalirira kubafa kuti amuna awo asawaone.

Adokotala a mafizo, mayi wina wa ku boma amene ankabwera kudzawawongola manja ndi miyendo, ndiwo anabweretsa makina aja. Anati awabwereka ku bungwe lina lothandiza anthu aulumali. Inali kompyuta yopinda, yomangirira pa chitsulo chomwe chinkaiimika patsogolo pa nkhope ya wodwala, ndipo inabwera ndi sola ndi batire lake. Pansi pa sikirini panali kachipangizo kotalika ngati mswachi, kokhala ndi timagetsi tofiira. Kameneko ndiko kankaona kumene maso a munthu akuyang'ana. Poyamba munthu ankatsatira ndi maso kadontho koyendayenda, kuti makinawo amudziwe. Akamudziwa, pakona pankaoneka timadontho tiwiri toyera, ndipo gemu inkayamba.

Adokotala analankhula mosabisa. Makina otere ndi ochepa, ndipo odikira alipo. Alamu akawatha bwino, akhala nawo, ndipo pambuyo pake awaphunzitsa kulemba uthenga ndi kuimba foni ndi maso omwewo. Akalephera pofika pakati pa Okutobala, awatenga akapatse wina. Popeza ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo ndinkakhala pakhomo, anasankha ine kukhala wosamala. Ndinavomera msanga, monga ndimavomerera chilichonse.

Tsiku loyambalo linali Lachinayi, amayi atapita kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi. Adokotala anafunsa alamu gemu imene akufuna. Panali ya mpira, ya nsomba, ndi ya njinga yamoto. Ine ndinkaganiza kuti ya njingayo aikana. Anasankha yomweyo. Ukayang'ana kumanja, njinga inkakhotera kumanja. Ukayang'ana kutsogolo kwa msewu, inkathamanga. Koma ukagwetsa maso pansi, timadontho tija tinkazimiririka, makina n'kulira kuti ti-di, njinga n'kuima, ndiye zonse kuyambiranso pa kadontho koyendayenda.

Alamu anawomba mtengo, anawomba lole, analowa m'ngalande. Kenako anayamba kudutsa pakati pa magalimoto ngati ali pa Nchalo tsiku la msika. Ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala. Anaseka.

"Mkazi wanga wamng'ono, taona! Iyi ukagwa nayo umadzuka wekha. Kwera kumbuyo ndikakusiye pa Dyeratu."

"Ndi mayendetsedwe amenewo, ndipita wapansi," ndinatero, ndikudabwa kuti pakamwa panga patuluka mawu.

Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse, ndipo anapempha achemwali kuti awamete ndevu.

Kutacha zinthu zinatembenuka. Ndinayatsa bwinobwino, alamu anatsatira kadontho, njinga inanyamuka. Isanafike patali, ti-di. Tinayambiranso. Ti-di. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Nthawi zina inkayenda ndithu kwa kanthawi, mtima wanga n'kuyamba kukhala pansi, kenako popanda chifukwa chooneka, ti-di. Kulira kumeneko ndinafika pomakumva ndikutunga madzi pamjigo.

Palibe chimene sindinayese. Ndinapukuta kachipangizo kaja ndi kansalu kofewa mpaka kanawala. Ndinaganiza kuti ndi kutentha, poti kutentha kwa kuno kumafewetsa ngakhale phula la mumsewu, ndiye ndinkaima pambali ndikupepeza kompyuta ndi lichero. Ndinakwera padenga kukatsuka sola. Ndinathamangitsa ntchentche. Ndinaletsa achemwali kudzoza alamu mafuta kumaso, poganiza kuti kunyezimirako kukusokoneza, ndipo anandiyankha kuti ndikadzakwatiwa ndidzasiye wangayo atatuwa mbuu. Anansi nawo anabwera ndi nzeru zawo. Wina anati makina achizungu sadziwa maso akuda. Wina anati tiike mchere pansi pa bedi. Onse ndinkawayankha kuti zikomo, tiyesa.

Chondisokoneza mutu chinali chakuti Lachinayi ndi Lamulungu m'mawa zonse zinkayenda myaa. Ndinafika poganiza kuti makinawo ndi opemphera. Lamulungu lina kunabwera anzawo awiri a kabaza kudzawazonda. Analowa mwachisoni, zipewa m'manja, ngati afika pamaliro, koma ataona njinga pa sikirini anaiwala zonsezo.

"Aise, wadutsa kumanzere kwa lole! Apolisi akanakulanda makiyi."

"Kuno kulibe apolisi, kulibe ng'ombe," alamu anatero, maso ali pamsewu. "Mafuta sathanso. Inuyo ndi amene mukuvutika."

Mmodzi anapempha kuyesa, ndipo anagwera m'ngalande asanapite kulikonse, chifukwa ankayang'ana nkhope yanga kuti ndimuyamikire. Alamu anaseka mpaka anatsamwa. Anzawo atapita anandiuza chapansipansi kuti akadzaphunzira zilembo, uthenga woyamba adzalembera anyamata amenewa wowatukwana. Kanali koyamba chigwereni kuwamva akunena za mawa. Masana anthu ataweruka kutchalitchi, ti-di anabwerera.

Ndikawafunsa kuti chavuta n'chiyani, ankangoti, "Maso atopa, mlamu." Koma maso otopa ndimawadziwa. Awo ankakhala ali gwa pamsewu, kenako mwadzidzidzi n'kugwera pachifuwa ngati a mwana wogwidwa akuba shuga.

Adokotala atabweranso anadzionera okha. Anati mwina ndi kuwala kochokera pakhomo, tisunthe bedi. Kusuntha bedi lokhala ndi munthu wothyoka khosi si masewera. Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha anyamata, ine amene kupempha moto kumene ndimachita kukonzekera. Tinalitembenuza kuti kumutu kuloze kuzenera. Zinayenda m'mawa umodzi, kenako ti-di. Tinalibwezanso. Adokotala anapukusa mutu pochoka. Anati zimachitika, ena maso amatopa msanga, ena mtima umakhala kulibe. Anatinso ku Nsanje kuli mtsikana wina amene akudikira. Sananene mwankhanza, koma alamu anamva, ndipo tsiku limenelo anakana kudya.

Chenicheni ndinachipeza masana ena, achemwali ndi anyamata atatulutsira alamu pamthunzi kuti awasambitse. Ndinali nditakwiya ndi makinawo moti ndinakwera pabedi, n'kutsamira mapilo awo, mutu wanga pamene pamakhala mutu wawo. Ndinatsatira kadontho ndi maso anga. Njinga inanyamuka. Ndinayenda ndithu, ti-di osamveka. Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka mapazi, ndipo pa phula lakuda la mu gemu panatulukira nkhope ya amayi, yonse, ndi duku lawo lobiriwira, ikundiyang'ana m'maso.

Sikirini ija inali yonyezimira, ndipo pamalo akuda inkaonetsa za kumbuyo ngati kalilole. Ine ndinkaima pambali nthawi zonse, ndiye sindinkaona kanthu. Amayi, pofuna kusunga ulemu, ankaima kumbuyo kwa mutu wa akamwini awo, malo okhawo amene ankakhulupirira kuti sangaonane nawo. Titatembenuza bedi, iwo anazungulira nyumba n'kukaima pazenera, kumutu komweko. Kuwala kwa panja kunkawaomba kumaso, pamene alamu anali mumthunzi wa m'chipinda, choncho iwo ankangoona kanjinga basi.

"Iwenso wayamba kuseweretsa za odwala?" amayi anatero. "Tsika apo."

Ndinatsika. Alamu atawabwezera pabedi, ndinadikira kuti anthu atuluke.

"Alamu, amayi ndawaona pamsewu paja."

Anati, "Wachedwa. Ine ndinawaona kalekale."

"Nanga osanena bwanji? Ndakwera padenga ine! Ndapepeza kompyuta ndi lichero ngati ndikupeta mapira!"

"Umapepeza bwino. Kamphepo kake kamandifika."

"Musaseke, alamu. Makinawa apita."

"Ndiye ndinene chiyani? Kuti apongozi asaime pakhomo la nyumba yawo? Ndikugona m'chipinda chawo, ndikudya phala lawo, chibwerereni sindinawabweretsere ngakhale nsomba imodzi. Lero ndiziti achoke ndikusewera?"

"Ingoyang'anani msewu basi, iwo muwasiye."

"Msewuwo ukudutsa pamphumi pawo, mlamu."

Anandilumbiritsa kuti ndisawauze amayi. Anati ndikanena andisiya ukwati, ndikakwatiwe ndi wa kabaza wa njinga yakapalasa. Za ukwatizo zinali nthabwala, koma za kulumbirazo ndinadziwa kuti akunenetsa.

Ndiye ndinayamba kuzembana ndi amayi anga ondibereka. Ndinatseka chitseko. Anatsegula. "Ukufuna munthuyu apse ngati mbatata? Kutentha konseku!" Ndinapachika chitenje pakhomo, ndinati n'chotchinga ntchentche. Anatukula kona n'kusuzumira. Mwana satuma mayi ake, ndiye ndinkachita kupeka zifukwa: mbuzi zalowa m'dimba, a nyumba yakuseri akukufunani. Ankapita, n'kubwerako msanga atapupuluma, kuopa kuphonya njinga. Choipa kwambiri chinali chakuti makina akalira ti-di, amayi ankasendera pafupi n'kuyamba kupemphera mokweza kuti Mulungu atsegule njira, nkhope yawo n'kudzaza sikirini yonse.

Tsiku lina tikusankha nyemba kukhitchini, ndinayesa kuiyandikira nkhaniyo.

"Amayi, simutopa kuima pakhomo paja?"

"Nditope chiyani? Ndikaona kanjinga kaja kakuthamanga, mtima wanga umati akamwini adzuka, apita kuntchito. Ndimaiwala kuti agona." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma iwe ukusamala bwino makinawo? Bwanji amangoimaima?"

Ndinapitiriza kusankha nyemba.

Okutobala atalowa ndinalephera kupirira, ndinauza achemwali tili kudimba. Ndinalumbira za amayi. Za achemwali sitinapangane. Ndinawapempha kuti tiganize njira yofatsa. Achemwali anga ndi munthu wabwino, koma pakamwa pawo palibe chitseko. Anaseka mpaka anakhala pansi pakati pa mizere ya tomato, ndipo titangofika kunyumba, khasu lisanatsike paphewa, anayamba.

"Amayi, mukudziwa kuti amene mukuimitsa njinga ndinu? Nkhope yanu imaoneka pa kompyuta paja. Abambo akunyumbawa amakuonani tsiku lililonse, ndiye amagwetsa maso."

Amayi anali ndi chidebe m'manja. Anachiika pansi pang'onopang'ono.

"Amandiona? Kumaso?"

"Mpaka mpata wa mano."

"Ngakhale tsiku lija ndinalibe duku?"

"Ngakhale limenelo."

Anadziphimba kumutu ndi chitenje, n'kulowa m'khitchini. Tsiku lomwelo anatenga mphasa yawo m'chipinda changa n'kusamukira kumeneko, kwa nkhuku ndi utsi. Popita kumjigo ankazungulira kuseri kwa khola. Pakhomo la alamu sanaimenso, ndipo moni unasiya kudutsa.

Ndinati basi, zapweteka koma njira yatseguka. Ndinayatsa makina. Alamu anatsinzina.

"Alamu, kadontho kakudikira."

"Zimitsa."

"Kumbuyo kulibe munthu. Penyani nokha."

"N'chifukwa chake. Ndathamangitsa eni nyumba, akugona ndi nkhuku, ine ndizithamangitsa kanjinga? Nkhabe. Apatseni a ku Nsanjewo."

Nkhabe wawoyo, ayi wa Chisena, ndinkamudziwa. Akamutulutsa sabweza. Kudya anasiyanso. Ndinaima pakati pa nyumba ndi khitchini, mbale ili m'manja, uku munthu watsinzina chifukwa cha ulemu, uku munthu wadzitsekera mu utsi chifukwa cha ulemu, ndipo ndinalakalaka kuiponya mbaleyo padenga.

Njira ya mwambo ilipo. Akulu akaona kuti mkamwini wakhala ngati mwana wa pakhomo, amawamasula awiriwo. Amapha nkhuku, amadyera mbale imodzi, mkamwini amapereka kamphatso, ndipo kuyambira pamenepo amayang'anana ndi kucheza. Woyendetsa zimenezi pabanja pathu ndi amalume, achimwene awo a amayi. Ndinapita kwawo, ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Amalume ndi munthu wosekaseka, wosakwiya, komanso wosafulumira pa chilichonse.

"Wachita bwino kubwera, mwana wanga. Nkhani yabwino imeneyi. Koma pafunika abale awo a kwa Mlolo abwere adzaone ndi maso."

"Amalume, adokotala abwera sabata yamawa."

"Adokotalawo ndi munthu, amva. Tidikire mvula yoyamba igwe, tibzale, mitima ikhale pansi."

"Mvula ikagwa a kwa Mlolo sawoloka."

"Ndiye tidikire madzi aphwe." Anatafuna nzimbe yawo, analavula zotsalira, kenako anafunsa, "Kodi makina amenewo amaonetsanso mpira?"

Ndinathokoza, ndinawomba m'manja, ndinanyamuka. Panjira ndinamenya chitsa ndi phazi mpaka chala chinatupa.

Adokotala anafika m'mawa wa tsiku la tchuthi, pa galimoto ya amuna awo, ana ali kumbuyo. Anali paulendo wokaona mayi a amuna awowo ku Nsanje, ndipo anati apatuke atengeretu makinawo ngati zinthu sizinasinthe. Katoni yake anabwera nayo. Anayatsa, anaitana alamu mwaulemu, anawanyengerera. Alamu anawapatsa moni bwinobwino ali chitsinzinire. Ndinawakokera adokotala pambali n'kuwafotokozera zonse, za nkhope pa sikirini, za khitchini, za amalume.

"Zimenezo basi?" anatero. Iwo anakulira ku Blantyre. "Bwanji osangowauza onse awiri kuti asiye?"

Za ulemu wakwathu sizifotokozeka m'mawa umodzi. Anadikira pang'ono, anayang'ana wotchi, kenako anayamba kuzula zingwe.

Sindikudziwa mmene ndinafikira kukhitchini. Amayi anali pamphasa, akusonkhezera moto wopanda mphika. Sindinagwade.

"Amayi, akuzula zingwe. Munthu uja abwerera kuyang'ana malata mpaka imfa. Inu muli muno kusunga ulemu, iwo ali umo kusunga ulemu, amalume akutafuna nzimbe. Ulemu umenewu tiukazinga tidye? Ine ndatopa!"

Mawu anga anamveka mpaka kumsewu. Mbuzi imene inali pakhomo inathawa. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona mlendo.

"Ukukalipira ine?"

"Pepani, amayi. Koma ndatopa."

Anaimirira, anamanga chitenje mwamphamvu.

"Ndigwirire nkhuku yofiira ija. Ndipo mlendoyo asachoke."

Kugwira nkhuku yakumudzi dzuwa la Okutobala litakwera ndi ntchito ya anthu angapo. Inalowa pansi pa galimoto, inatulukira kukhola, ana a adokotala anatsika n'kulowa nawo mpikisano akukuwa. Titaigwira ndinapita kwa adokotala, katoni ili kale m'manja mwawo, n'kunena kuti amayi akupha nkhuku. Sindinaname. Iwo anaganiza kuti ikuphedwera iwo, ndipo ngakhale wokulira ku Blantyre amadziwa kuti nkhuku ikafa mlendo sanyamuka. Anaika katoni pansi. Amuna awo analiza hutala, analizanso, kenako anazimitsa injini n'kukakhala pansi pa mtengo akudzipepeza ndi chipewa. Nkhuku yake inali yokalamba, yolimba ngati tayala. Ndinasonkhezera moto mpaka nsidze zinawauka.

Itapsa, amayi anapakula m'mbale imodzi, anasamba m'manja, n'kulowa m'chipinda muja. Sanaime kumutu. Anadutsa m'mbali mwa bedi, anakankhira pambali chitsulo cha kompyuta, n'kugwada moyang'anizana ndi alamu.

"Akamwini," anatero, akulankhula ndi eni ake koyamba, "achimwene anga achedwa. Wamkulu pakhomo pano ndine. Kuyambira lero ndinu mwana wanga wobereka. Tsegulani maso."

"Amayi, sizingatheke, abale anga..."

"Abale anu tidzawaphera ina. Tsegulani, ndiwo zikuzizira."

Alamu anatsegula diso limodzi, kenako linalo. Anayang'anana kanthawi kochepa, onse awiri akuphethira ngati akuyang'ana dzuwa. Amayi anagawa chiwindi pakati, china anadya, china anawaika m'kamwa ndi dzanja lawo. Achemwali anali pakhomo, misozi ikutsika uku akuseka. Ndiye achemwaliwo anakumbukira kuti mkamwini ayenera kupereka mphatso. Ndinathamangira kubafa, ndinatenga sopo watsopano, ndinamuika pachifuwa pa alamu, amayi n'kumutenga pamenepo ndi manja awiri.

"Sopo ameneyu ndinagula ndine," anatero akumununkhiza. "Koma ndalandira."

Adokotala, amene tsopano anazindikira kuti nkhuku sinali yawo, anatulutsa zonse m'katoni n'kulumikizanso zingwe. Alamu anatsatira kadontho. Timadontho tiwiri tinawala. Amayi anakokera mpando pafupi ndi pilo, nkhope yawo ili pa phula poyera, ndipo njinga inanyamuka.

"Kumanja! Lole iyo! Kodi simukuiona? Pang'onopang'ono, mwana wanga, n'chifukwa chake munagwa!"

"Amayi, wokwera kumbuyo sayendetsa."

Anawomba mtengo chifukwa choseka, anadzuka, anapitiriza. Adokotala anaima akuonerera, mwendo wa nkhuku uli m'manja, mpaka msewu wonse unatha ti-di osamveka. Anandipatsa katoni yopanda kanthu kuti ndiisunge pouma, n'kunena kuti ulendo wotsatira ayamba kuwaphunzitsa zilembo. Ndinafunsa za mtsikana wa ku Nsanje. Anati akamupemphera makina ena kubungwe lija, koma atha kudikira nthawi yaitali. Chimenecho chimandikhalabe pamtima.

Musaganize kuti ndinapuma. Amalume atamva anabwera kudzadandaula, osati za mwambo kwenikweni, koma kuti sitinawasungire ngakhale phiko. Amayi tsopano sachoka m'chipinda muja, ndiwo zapserera kangapo, ndipo akundivutitsa kuti makinawo adziwenso maso awo ayendetse okha. Koma za kuwachotsa sizinatchulidwenso. Zinathera pa tsiku lomwelo la nkhuku, Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala chaka chathachi.